Wailesi ya usiku ndi nyenyezi ya mchira

Aphunzitsi ena a ku Ngabu anditumizira imelo. Akuti wailesi yawo ikakhala pa AM, usiku imakoka masiteshoni akutali amene masana samveka n'komwe. Wina wawauza kuti chochititsa zimenezi n'chomwenso chimapatsa nyenyezi zina mchira. "Kodi sakundinamiza ameneyu?"

Sakukunamizani Aphunzitsi, kungoti wadumpha pakati.

Kumwamba, kuyambira makilomita pafupifupi 60, kuwala kwamphamvu kwa dzuwa kumathothola maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, pa tizidutswa ta mpweya. Kotsalako kamakhala ndi mphamvu yamagetsi, ndiye ayoni ameneyo. Cham'munsi mwa dera limeneli mpweya ndi wothinana, ndipo masana maelekitironi a pamenepo amameza mafunde a AM. Dzuwa likangolowa maelekitironiwo amagwidwanso msangamsanga ndi tizidutswa ta mpweya tija, monga mmene simungayendere mumsika wa Nchalo osagundana ndi munthu. Njira imatseguka, mafunde amakagunda zigawo zapamwamba n'kubwerera pansi kutali.

Nanga zapamwambazo sizitha bwanji usiku? Cha pa makilomita 300 ayoni wochuluka ndi O+, atomu imodzi ya okosijeni yotaya elekitironi. Ameneyu n'ngovuta kugwirana ndi elekitironi mwachindunji. Amayamba wakumana ndi molekyulo (maatomu ogwirana) ya nayitirojeni n'kusanduka NO+, kapena kupatsira mphamvu yake molekyulo ya okosijeni, O2, n'kupanga O2+, ndipo maayoni awiriwa ndi amene amameza elekitironi mosavuta. Koma mamolekyulo kumeneko n'ngosowa, choncho O+ amachezera.

Anawo muwatsindikire apa, chifukwa ambiri amangoloweza mayina a zigawo: ayoni sakhalitsa mmene wabadwira. Ku Mars mpweya pafupifupi 95 peresenti ndi kaboni dayokosaidi (CO2), komabe ayoni wochuluka ndi O2+, poti CO2+ akangokumana ndi atomu ya okosijeni amasanduka O2+. O2+ akagwira elekitironi amasweka mwamphamvu moti maatomu ena amathawiratu m'mlengalenga, ndipo chombo cha MAVEN, chimene chinafika kumeneko mu 2014, chinapita kukayeza kutayika kotereku.

Nyenyezi ya mchira, monga Tsuchinshan-ATLAS ija inkaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa mu Okutobala 2024, kwenikweni si nyenyezi. Ndi chibuma cha madzi oundana ndi fumbi. Ikayandikira dzuwa imatulutsa nthunzi, dzuwa n'kupanga H2O+, ayoni wa madzi. Ameneyu akakumana ndi molekyulo ina ya madzi amaipatsa pulotoni (haidrojeni wopanda elekitironi), pamabadwa H3O+, yemwe chombo cha Giotto chinampeza wochuluka pafupi ndi nyenyezi ya mchira ya Halley mu 1986. Maayoni otsala amakokoledwa ndi mphepo ya tizidutswa tamagetsi yochokera kudzuwa, n'chifukwa chake mchira wawo umakhala wowongoka, wofulatira dzuwa, kawirikawiri wabuluu chifukwa cha CO+, ayoni wa kaboni monokosaidi. Mchira wowala wopindika uja, umene maso athu amauona kwambiri, ndi fumbi chabe, osati maayoni, ndipo pamenepo mnzanuyo wawonjeza.