Funsani Tikuyankheni: Masilaidi a stereo akundiwawitsa maso

Funso: Ndinagula kamera yakale ya Stereo Realist ndipo ndinajambula nayo masilaidi (zithunzi za pa filimu zoonekera pa kuwala). Nditawaika m'mafelemu, zinthu zakutali zikuoneka ngati zili pafupi, komanso maso amandiwawa ndikayang'ana kwa kanthawi. Kodi kamerayi ndi yowonongeka? *Wowerenga wa ku Leeds*

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ife tikuona kuti vuto lagona pa kaikidwe ka zithunzi m'mafelemu, osati pa kamera. Kamerayi, imene kampani ya David White ya ku Milwaukee inayamba kugulitsa mu 1947, imajambula zithunzi ziwiri nthawi imodzi pa filimu ya mamilimita 35, china cha diso lamanzere ndi china cha diso lamanja. Popeza galasi lililonse la kamera limatembenuza chithunzi chake, mukaimika filimu kuti zithunzi ziongoke, chamanzere chimapezeka kumanja. Mukazidula ndi kuziika mmene zakhaliramo osazisinthanitsa, zakutali zimabwera kutsogolo, zapafupi n'kulowa mkati, monga mwaoneramo inu.

Kuwawa kwa maso kumachokera kwina, ndipo pamenepa ndi pofunika kudekha. Maso a munthu anazolowera kuona chinthu mosiyana pang'ono cham'mbali, koma sapirira ngati chithunzi china chakwera kapena chapendekeka kuposa chinzake, ngakhale pang'ono pokha. Sankhani chinthu chimodzi, monga nsonga ya denga, ndipo muonetsetse ndi galasi lokulitsa kuti chili pa mzere umodzi m'zithunzi zonse ziwiri. Kenaka chitaninso chimodzimodzi ndi chinthu cha mbali ina ya chithunzi, pakuti kupendekeka kumabisala mukayesa malo amodzi okha.

Mukatero ganizirani za zenera. Mabowo awiri a felemu, imene kukula kwake ndi mamilimita 41 ndi 101, amaoneka m'choonera (kachipangizo ka magalasi awiri koonera masilaidi) ngati zenera limodzi, ndipo zonse zojambulidwa ziyenera kukhala kuseri kwake. Mukatalikitsa zithunzi ziwirizo, zinthu zimabwerera m'mbuyo. Mukaziyandikitsa, zimatulukira kutsogolo. Zisuntheni mpaka chinthu chapafupi kwambiri chikhale pazenera kapena kuseri kwake pang'ono, makamaka ngati chadulidwa ndi m'mphepete mwa felemu. Musapyole malire: kutalikirana kwa chinthu chakutali kwambiri pa chithunzi china ndi chinthu chomwecho pa chinzake kusapose kutalikirana kwa mabowo ndi mamilimita oposa pafupifupi 1.2, apo ayi maso amakakamizika kupenya motayana. Ngati malamulo awiriwa akulephera kugwirizana, ndiye kuti pojambula munali chinthu chimene chinayandikira kamera kuposa mamita awiri, ndipo ndi bwino kufuna felemu ya mabowo opapatiza yopangidwira zithunzi zapafupi.

Gwirani filimu m'mphepete mokha, mbali yonyezimira iyang'ane kumaso kwanu, ndipo musamate kotheratu musanayese m'choonera.