Kwa achemwali amene afunsa zoyenda wapansi masiku atatu chifukwa cha khansa ya m'mawere

Achemwali amene mwafunsa dzulo usiku zoti anzanu akuntchito akukonza zoyenda wapansi masiku atatu kuchoka mu Lilongwe muno mpaka pa Dedza mu Okutobala kuti atolere ndalama zothandizira amayi odwala khansa ya m'mawere, nde inu mukufuna kulowa nawo poti mayi anu aang'ono akudwala matenda omwewo koma mukuopa kuti thupi ndi lalikulu ndipo simunayendepo mtunda wautali chibadwire, ndaona ambiri angokuyankhani kuti mukwanitsa sisi basi nkudutsa. Ine ndati ndikhale pansi ndikulembereni bwinobwino chifukwa msewu umenewo ndinauponda ndi mapazi angawa chaka chatha, tinalipo azimayi 14 ndi azibambo atatu, ndili ndi zaka 46 ndipo nanenso thupi ndili nalo.

Pitani ndithu. Koma yambani kukonzekera lero lomwe osati sabata yomaliza. Kuchoka m'tauni kukafika pa Dedza boma ndi makilomita pafupifupi 85, mukagawa patatu nde kuti tsiku lililonse 28 ndi kadontho, maola 6 kapena 7 muli pa msewu. China chomwe anthu sanena nchoti Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050 pomwe Dedza ili cha m'ma 1,600, nde tsiku lomaliza lomwe miyendo yalema kale ndi lomwenso chitunda chimakula. Mu minibasi chitunda chimenecho simuchimva, wapansi mumachimva mpaka m'chiuno. Zoyenda masiku atatuzi zimachitika ngakhale kunja, ku America bungwe la Susan G. Komen limayendetsa anthu mamailosi 60 pa masiku atatu, omwe ndi makilomita ngati 96, ndipo amene amayenda kumeneko si othamanga ayi, ndi azimayi wamba ngati ife, ena oti achira kumene.

Choyamba kayezetseni BP ndi shuga, muwauze anesi zomwe mukufuna kuchita. Akakulolani yambani ndi mphindi 30 m'mawa uliwonse kuzungulira ku Area kwanu konko, sabata ziwiri zikatha muzionjezera. Ife tinkakumana Loweruka mbandakucha, poyamba makilomita 8, kenako 12, kenako 18, mpaka tinafika 25 patatha miyezi iwiri ndi theka. Chomwe chinatithandiza kwambiri ndi kuyenda masiku awiri otsatizana, Loweruka ulendo wautali, Lamulungu masana tikaweruka ku tchalitchi winanso, chifukwa vuto la ulendo uwu si tsiku loyamba ayi, ndi kudzuka tsiku lachiwiri miyendo ili gwa nkuyambanso. Ngati mumakwera kabaza kuchoka pa siteji kupita kunyumba, musiyeni kaye wakabazayo miyezi imeneyi.

Nsapato. Apa ndikupemphani mundimvere. Musagule nsapato zatsopano nkukazivalira tsiku la ulendo, olo zikhale zodula bwanji. Gulani pano, za pa kaunjika zomwezi zili bwino bola zikhale zofewa pansi komanso zokulirapo pang'ono chifukwa mapazi amatupa masana, muziyenda nazo nthawi yonse yokonzekerayi kuti zizolowere phazi lanu. Masokosi mutenge ambiri, muzisintha masana akanyowa ndi thukuta, ndipo m'mawa pakani Vaseline pakati pa zala ndi ku chidendene. Kwa ife a matupi akuluakulu palinso nkhani ya ntchafu kukhulana, anthu amachita manyazi kuinena koma inamulizitsa mnzathu wina tsiku loyamba lomwe tisanafike nkomwe pa Nathenje, nde valani taiti yofika m'mawondo mkati mwa chitenje kapena siketi, Vaseline yomweyo mupakenso m'ntchafu, m'khwapa ndi kunsi kwa mawere pomwe bra imakhudza.

Okutobala mukumudziwa kale dzuwa lake. Ife tinkanyamuka 4:30 m'mawa ndi matochi, pofika 11 koloko tayenda gawo lalikulu, nkukhala pa mthunzi mpaka cha m'ma 3, kenako kumalizitsa kotsalako. Madzi muzimwa pang'onopang'ono musanamve ludzu, ndipo mutenge mapaketi a Thanzi ORS chifukwa thukuta limachotsa mchere m'thupi, madzi okha sakwanira, mumayamba kumva chizungulire ndi kukokana kwa minofu. Chakudya cha m'njira nthochi, mbatata yophika, mtedza, thobwa, nsima yeniyeni madzulo. Chipewa kapena ambulera musaiwale. Za pa M1 nazo si zamasewera, mathiraki ndi mabasi amadutsa ngati mphepo ndipo malo ena m'mbali mwa tala ndi modyeka, nde muziyenda mzere umodzi ku dzanja lamanja moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, galimoto yanu yonyamula madzi ndi zikwama izikhala pafupi. Okonza ulendowo alembe kalata kwa a DC ndi kwa apolisi nthawi ilipo, ndipo pagulupo pasalephere kukhala nesi kapena kiliniko mmodzi. Ngati zimenezi palibe, afunseni mosaopa.

Usiku woyamba tinagona m'kalasi pa sukulu ina, aphunzitsi aakulu anatilola, mphasa pansi. Ndikukumbuka mabeseni atandandalikana kutsogolo kwa bolodi, madzi ofunda a mchere, aliyense mapazi m'madzi, anesi athu akuyenda ndi tochi ya foni pakamwa kuyang'ana matuza mmodzimmodzi nkumata pulasitala. Thuza musamaliboole ndi munga kapena pini wa pa chitenje, asiyireni anesi. Panali mayi wina pakati pathu amene anachotsedwa bere lakumanzere zaka zinayi zapitazo, usiku umenewo anavula sikipa yake ya pinki pamaso pa azimayi tonse natiwonetsa chipsera, mzere umodzi wautali kuchoka pakati pa chifuwa mpaka kukhwapa, nkunena kuti onani, ndili moyo, ndikulima, ana anga ndikuwalera. M'kalasimo munangoti zii, kenako wina anayambitsa nyimbo ya ku kwaya motsitsa.

Ine chomwe chinandiyendetsa ndi azakhali anga, alongo awo a bambo. Anapeza kachotupa kolimba ku bere lamanja akusamba, kosapweteka nkomwe, nde poti sikankapweteka anangokasiya. Patapita miyezi anapita pa chipatala china chaching'ono kwawoko, anawauza kuti nchithupsa nkuwapatsa mapilitsi, osawatumiza kwina. Kenako kunabwera zoti awalodza, ena akuti nchifukwa chosunga ndalama ndi foni mu bra, kunali kupita kwa asing'anga, kunali kumapemphero, chaka ndi theka chinatha choncho. Mmene tinkawabweretsa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central bere linali litaphulika chilonda, akuphimba ndi kansalu, fungo akulibisa ndi pefyumu kuti ife tisadziwe. Madokotala anayesetsa, anayamba kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, koma matenda anali atafika kale m'mafupa. Tinawaika mu 2021. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti pakanapezeka munthu mmodzi yekha wowauza kuti chotupa chosapwetekacho ndiye choyenera kuthamangira nacho, bwenzi lero tili nawo.

Nde mukamayenda musamangoyenda ngati mukupikisana. Anthu akakuonani gulu mwavala pinki amaima, amafunsa kuti kodi nza chipani kapena nza mpingo, apo ndi pomwe ntchito yeniyeni imayambira. Tsiku lachiwiri titapuma pa msika wina kupitirira pa Kamphata, mayi wina wogulitsa tomato anamvetsera anesi athu akulankhula, osanena kanthu, tikuti tizinyamuka anandigwira chitenje nkundinong'oneza kuti ndimafuna adokotala aja pambali. Tinapita kuseri kwa okala, ife atatu tinatchinga ndi zitenje, anesi nkuwayeza pomwepo. Chotupa chinalipo, chachikulu ngati dzira la nkhunda, akuti akhala nacho chiyambire nthawi yokolola, sanauze ngakhale amuna awo poopa kuti bere akalidula banja litha. Mayi wathu wa chipsera uja ndi amene anakhala nawo pansi pa thumba la makala, anacheza mphindi zambiri ndithu, ife tikudikira pa dzuwa ndipo palibe anadandaula. Anesi anawalembera kakalata, tinawapatsa ya thiransipoti kuchokera m'thumba la gulu. Sabata yotsatira anaimba kuti afika ku chipatala ndipo awatenga kanyama kokayeza. Ulendo wonse uja kwa ine unali wa mayi ameneyo.

Choncho phunzirani zoti muzikanena, ndi zochepa. Chotupa m'bere kapena mwanabere wa m'khwapa amene sakuchoka, olo asapweteke. Nsonga ya bere kulowa mkati pomwe kale sinali choncho, kapena kutuluka magazi kaya timadzi munthu asakuyamwitsa. Khungu la bere kukhwinyata nkumaoneka ngati khoko la lalanje, bere limodzi kusintha kukula kapena maonekedwe, chilonda chosapola. Mzimayi azidzigwira yekha kamodzi pa mwezi patapita masiku ochepa atamaliza kusamba, amene anasiya kusamba asankhe tsiku limodzi la mwezi. Muziwauzanso kuti zotupa zambiri si khansa, asamafe ndi mantha ali kunyumba, koma wodziwa ndi wachipatala, ndipo akapatsidwa mapilitsi chotupa osachoka abwererenso akapemphe kuti awatumize ku chipatala chachikulu. Kutenga kanyama kokayeza sikufalitsa matenda ngati mmene anthu amanenera, ndi njira yomwe amadziwira chenicheni. Azibambo nawo amadwala, ochepa inde, pafupifupi mmodzi pa odwala 100 alionse, koma amadwala. Bungwe la WHO linati mu 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa imeneyi pa dziko lonse ndipo 670,000 anamwalira. Kuno kwathu yomwe imatenga amayi ambiri ndi ya khomo la chiberekero, nde potchula ya m'mawere muzitchulanso imeneyo kuti akayezetse zonse ulendo umodzi. Chopweteka kwathu kuno nchoti ambiri amafika ku chipatala matenda atapita kale patali, pomwe ikapezeka msanga anthu amachira. Malemu Blandina Khondowe, amene anakhalapo Miss Malawi nkuyambitsa Think Pink Malawi, analankhula zimenezi poyera iye mwini akudwala mpaka anatisiya mu 2020, ambirife tinayamba kutchula mawu oti bere pagulu opanda manyazi chifukwa cha iyeyo.

Pa ndalama ndilankhule mosabisa chifukwa apa ndi pomwe magulu ambiri amayambanirana. Musanayambe kupempha kwa anthu funsani kuti ndalamazo zikupita kuti kwenikweni, asunga ndani, ndipo lipoti lidzatuluka liti. Nambala ikhale imodzi ya Airtel Money ndi imodzi ya Mpamba, osati aliyense yake, msungichuma aziponya pa gulupu zomwe zalowa madzulo aliwonse. Masikipa, chakudya chanu ndi mafuta a galimoto muzisonkha nokha oyendanu, ndalama ya odwala isagule sikipa. Ife tinasankha kuti zathu zipite ku thiransipoti ndi chakudya cha odwala ndi magadiyani awo, chifukwa ku chipatala cha boma ngati Kamuzu Central mankhwala salipiritsa, koma kemo nthawi zambiri amalandira pakatha sabata zitatu zilizonse kwa miyezi ingapo, nde taganizani mayi wochokera ku Mchinji, Kasungu kaya Ntchisi, iye ndi womudikirira, kupita ndi kubwera maulendo onsewo. Ambiri amalekera panjira osati chifukwa chosafuna kuchira koma ya basi yatha, mbuzi anagulitsa kale. Kambiranani ndi anesi a ku Cancer Centre kuti akuuzeni njira yoyenera yoperekera, musamangolowa mu wodi ndi makamera. Popempha musanyoze K1,000 ya munthu, zathu zambiri zinachokera kwa azimayi a banki mkhonde ndi a kumpingo osati kwa mabwana.

Za mayi anu aang'ono, afunseni kaye musanaike chithunzi kapena dzina lawo pa Facebook ndi pa sitetasi. Ena amafuna, ena safuna kuti akumudzi adziwe, makamaka tsitsi likayamba kuthothoka ndi kemo, ndipo ndi ufulu wawo. Azakhali anga sakanalola. Mutha kulemba dzina lawo mkati mwa chipewa chanu nkumadziwa nokha. Muziwaimbira madzulo aliwonse mukafika pogona, muwauze pomwe mwafika, mudzamva mmene mawu awo adzasinthire.

Ndipo thupi likakana panjira, mutu ukayamba kuwawa kwambiri, mseru, chizungulire, kapena mwasiya kutuluka thukuta dzuwa lili phwee, kwerani galimoto musalimbane nazo. Ine tsiku lachitatu ndinakwera makilomita asanu cha ku Linthipe bondo litatupa, ndinatsikanso nkumalizitsa ndi anzanga, tinalowa pa Dedza cha m'ma 4 madzulo phiri lija lili patsogolo pathu, kamphepo kozizira kakuwomba, tonse tikulira.

Loweruka likubwerali tikuyamba zokonzekera za chaka chino, timakumana 5 koloko m'mawa cha ku Bingu Stadium, sabata yoyamba ndi makilomita 6 okha ndipo timayenda mogwirizana ndi amene ali pambuyo. Ndilembereni ku inbox ndikupatseni nambala, mubwere ndi botolo la madzi ndi nsapato zomwe mukufuna kudzayendera.