Inshulansi ya zaumoyo: ya boma kapena ya kampani?

Funso: Akonzi, n'chifukwa chiyani inshulansi ya zaumoyo ya makampani imakwera mtengo chaka ndi chaka pomwe ya boma siikwera?

Yankho: Nayonso imakwera, kungoti imabisala mumsonkho. NHS, ndondomeko ya zaumoyo ya boma la Britain, yomwe inayamba mu 1948, amailipira onse, odwala ndi athanzi omwe. Vuto lake ndi kudikira opaleshoni nthawi yaitali.

Kampani imatenga okhawo ofuna. Mtengo ukakwera athanzi amachoka, kumatsala odwaladwala, ndiye mtengo umakweranso. Onjezanipo phindu ndi malipiro a owunika mabilu.

Ku America lamulo la 2010 linaletsa makampani kukana munthu kaamba ka matenda omwe ali nawo kale. Komabe kulikonse komwe muli, musanasaine ndi kampani, funsani ndalama zomwe muzilipira nokha kampani isanalowererepo, ndi miyezi yodikira musanathandizidwe pa uchembere.