Funsani Aphunzitsi: Kodi gemu ya pa foni imafuna masamu a ku koleji?

FUNSO: Aphunzitsi, ndine mnyamata wa kwa Mponda kuno ku Mangochi. MSCE ndinakhoza, masamu ndi fizikisi zinayenda bwino, koma ku yunivesite sindinapeze malo. Ndikufuna kupanga gemu ya pa foni ya mpikisano wa mabwato. Anzanga akuti popanda masamu a ku koleji ndikungodzivuta. Nzoona?

YANKHO: Mphwanga, anzakowo anena zoona pang'ono. Masamu akufunika ndithu, koma si onse amene amaphunzitsa ku Zomba kapena ku MUST ku Thyolo, ndipo ambiri uli nawo kale m'makope ako a Fomu 4.

Yamba ndi mavekita, manambala osonyeza liwiro la chinthu ndi komwe chikulowera. Kaime pa mlatho wa Bakili Muluzi uone bwato likuwoloka Shire. Wopalasa amaloza kutsidya, madzi akumukokera ku Malombe, ndiye amakatsikira kumunsi kwa pomwe analoza. Tiyerekeze kuti akupalasa mamita 4 pa sekondi, madzi akuyenda mamita 3 pa sekondi. Bwatolo likuyenda chopingasa pa liwiro la mamita 5 pa sekondi, monga mwa lamulo la Pythagoras. Mu gemu, chilichonse choyenda chimakhala ndi manambala awiri otere, x ndi y, ndipo mphepo ya mwera ukaifuna, umangoiwonjezera ngati vekita yachitatu. Lamulo lomwelo la Pythagoras ndi limene limakuuza kuti mabwato awombana: zinga bwato lililonse ndi seko (mzere wozungulira), yeza mtunda wa pakati ndi pakati, ukachepera maradiyasi awiriwo ataphatikizidwa, basi agundana.

Pamene ana asukulu ambiri amagwa ndi pa nthawi. Gemu imajambula chithunzi chatsopano kambirimbiri, nthawi zambiri ka 60 pa sekondi. Pa chithunzi chilichonse umatenga liwiro, kuchulukitsa ndi kanthawi kamene kadutsa, n'kuwonjezera pa malo pomwe bwato linali. Nangula akamagwa m'malere, liwiro lake limakwera ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ndiye nalonso umaliwonjezera pang'onopang'ono chimodzimodzi. Ku koleji njira imeneyi amaitchula ndi dzina la Euler ndipo imabwera pamodzi ndi calculus, koma kuilemba kwake ndi mizere iwiri yokha. Ukaiwala kuchulukitsa ndi kanthawiko, bwato lidzathamanga pa foni yodula n'kumakwawa pa yotchipa, ndipo osewera adzati ukukondera.

Sine ndi cosine uzibwereze, chifukwa ndi zimene zimatembenuza bwato. Koma samala, kompyuta imawerenga makona mu radian, osati madigiri: madigiri 180 ndi maradian pafupifupi 3.14, kapena kuti pi. Mamatriki (matrices, matebulo a manambala) asakusowetse tulo pakali pano, adzafunika ukadzafika pa 3D.

Pulogalamu yopangira, ine ndimakonda Godot. Ndi yaulere, yopepuka, siidya bandulo yambiri poitsitsa, ndipo laputopu yakale imaikwanitsa. Unity ndi Unreal nzabwino, koma zimafuna makina amphamvu. Dziwiratu kuti mu Godot ya 2D, y amakula potsika pansi, mosiyana ndi graph ya m'kalasi, choncho usadabwe nangula akamauluka kupita kumwamba.

Sabata yoyamba usajambule bwato lokongola. Ika kabokosi pa sikirini, kawoloke mtsinje wokhala ndi madzi okoka, kenako uyese pa mafoni awiri osiyana uone ngati kakufika kutsidya nthawi imodzi.