Dzina n'limodzi, koma mpeni sudula zofanana

Mayi wina amene amasamalira okalamba ku Leicester, ku England, wanditumizira imelo. Pa maphunziro a kuntchito anamva za mdulidwe wa akazi, ndipo akufunsa kuti: "Kwathu a zaumoyo amalimbikitsa abambo kukadulidwa. Nanga wa akaziwu akuutchuliranji nkhanza?"

Mayi, chakusokonezani ndi dzinali. Mwamuna amamuchotsa khungu lakunsonga basi, ndipo kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda anaonetsa kuti zimenezi zimachepetsa mpata wotenga HIV ndi pafupifupi 60 peresenti. Mtsikana amamudula mnofu weniweni, kawirikawiri kachiwalo kamene kamamuchititsa kumva kukoma akakhala malo amodzi ndi mwamuna. Bungwe la WHO linanenetsa kuti palibe phindu lililonse pa thanzi lake.

Mundikhululukire, ndilankhula mosapsatira. Ku Somalia, Djibouti ndi Sudan atsikana ambiri amachita kusokedwa kumaliseche, n'kungosiyidwa kabowo kodutsa mkodzo ndi msambo. Mkodzo umatuluka modontha. Akakwatiwa amang'ambidwa, pobereka amang'ambidwanso, ndipo ena amasokedwanso akachira. Alipo amene amamwalira tsiku lomwelo chifukwa chotaya magazi kapena chilonda chikalowa matenda. Ambiri amadulidwa asanakwanitse zaka 15, ena akadali kumsana. Mwana wotere ndani anamufunsa?

Mu 2024 UNICEF inati amayi ndi atsikana oposa 230 miliyoni amene ali moyo anadulidwa. Ku Somalia ndi pafupifupi mayi aliyense.

Chimandipweteka n'chakuti womugwira miyendo amakhala mayi ake kapena agogo ake, osati chifukwa chodana naye, koma poopa kuti akapanda kudulidwa sadzapeza banja. Asilamu ndi Akhristu omwe amachita, ndipo mwambowu unayamba zipembedzo ziwirizi zisanafike. N'chifukwa chake lamulo palokha limavutika: The Gambia inaletsa mu 2015, koma mu 2024 aphungu ena anafuna kulichotsa, mwayi wake anagonja povota. Ku Egypt ambiri amadulidwa ndi madokotala, ngati kuti mpeni ukakhala woyera ndiye kuti chilonda chasanduka mankhwala.

Kumene muliko, lamulo la 2003 limaletsanso kupita ndi mwana kunja kukamudulitsa, ndipo chilango chimafika zaka 14 m'ndende. Mukamva kamtsikana kakunena za "mwambo wapadera" pa holide ikubwerayi, musadikire kuti kabwereko. Uzani a safeguarding (oona zoteteza anthu ku nkhanza) kuntchito kwanu kapena apolisi.