Zida ziwiri zikuonetsa mavolti osiyana m'ndege: tikhulupirire chiti?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo yokhudza ndege yake yaing'ono ya injini imodzi, yomwe magetsi ake ndi a mavolti 14. Akuti akakhala m'mwamba, chida choonetsa za injini chimalemba 14.2 pamene sikirini ya EFIS (yoonetsa woyendetsa mmene ndege ikuulukira) imalemba 13.6, ndiye akufunsa ngati chimodzi chawonongeka kapena ngati alternator (makina opanga magetsi injini ikamazungulira) yayamba kufooka.

Zikomo chifukwa cha funso lanu. N'kutheka kuti palibe chida chimene chikunama, popeza chilichonse chimayeza magetsi pamalo pamene chalumikizidwa, ndipo malowo si amodzi. Magetsi akachoka pa alternator amadutsa m'mawaya, pa bus (pogawira magetsi ku zida zonse), mu circuit breaker (chodula magetsi akachuluka) ndiponso pa switchi ya avionics (zida monga wailesi ndi masikirini) asanafike pa sikirini yanu, ndipo paliponsepo amatsika pang'ono. Malinga ndi lamulo la Ohm, polumikizira pamene pali ma ohm 0.05 okha pamadya theka la volti ngati pakudutsa ma ampu 10. Komanso zida zambiri zimakhala ndi diode (kachida kolola magetsi kudutsira mbali imodzi yokha) polowera magetsi, yoziteteza mawaya akasemphanitsidwa, ndipo diode ya silicon imadya mavolti pafupifupi 0.6 kapena 0.7. Kusiyana kwa manambala anu, komwe ndi 0.6, kukufanana kwambiri ndi nambala imeneyi, choncho ine ndikukayikira diode poyamba.

Komabe musakhutire ndi kuganiza kwanga. Ndege ili pansi, injini ikulira, lembani manambala onse awiri, kenako yatsani nyali yoterera, pitot heat (chotenthetsera kachubu koyezera liwiro) ndi zina, chimodzichimodzi. Kusiyanako kukakhala pa 0.6 osasuntha, gwero lake ndi diode kapena kachunidwe ka chida, ndipo zimenezi sizidetsa nkhawa. Koma kukamakula nthawi iliyonse imene mwayatsa chinthu, pali polumikizira pamene pamasuka kapena pachita dzimbiri, ndipo malo oterowo amatentha. Apa anthu ambiri amaiwala waya wa ground, womwe ndi njira yobwerera magetsi. M'ndege ya aluminiyamu magetsi amabwerera kudzera m'thupi la ndegeyo, pamene chida cha injini kawirikawiri chimamangidwa ground pa injini penipeni, kotero lamba wa ground wa pakati pa injini ndi thupi akatha, zida ziwirizi sizingagwirizane. Malangizo a FAA (bungwe loona za ndege ku America) otchedwa AC 43.13-1B amalola kutsika kwa volti 0.5 pa magetsi a 14, ndi volti 1 pa magetsi a 28, kwa zida zoyaka mosalekeza.

Woweruza weniweni ndi multimeter (chida cha m'manja choyezera magetsi) yabwino yoyezera pa batire, ndipo ntchitoyi muichite ndi makaniko wa ndege, chifukwa propela ikuzungulira pafupi. Batire yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo alternator ikamagwira bwino nambala imakwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Tsiku limene zida zonse ziwiri zidzatsike limodzi kulowera ku 12 muli m'mwamba, dziwani kuti mukudya batire yokha, zimitsani zosafunika ndipo konzekerani kutera.