Abambo akuti sitithawa moto, nanga ine nditani?

Mayi wina amene wangosamukira kumene kuno ku Victoria, m'dziko la Australia, wandilembera pa imelo. Akuti foni ikungolira machenjezo a moto wolusa, koma amuna awo akuti anthu akuno amakokomeza zinthu, iwo sangasiye nyumba chifukwa cha uthenga wa pafoni. Athawe kapena akhale?

Achemwali, kalata yanuyi ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu a amuna anuwo ndinawamvapo m'nyumba mwanga muno.

Chaka chathu choyamba kumapiri a kum'mawa kwa Melbourne, atalengeza kuti mawa kukhala koopsa, ndinalongedza ana ndi mapasipoti n'kukaswera m'sitolo yaikulu m'tauni. Moto sunabwere. Tinabwerako madzulo, ndalama zitathera petulo ndi ayisikilimu, ntchito nditajomba, abambo akunyumba akumwetulira ngati awina mlandu kwa mfumu. "Ife moto tinkazimitsa ndi nthambi," amatero. N'zoona, kwathu anyamata osaka mbewa akatentha tchire, tinkathyola nthambi zaziwisi n'kuupuntha mpaka kuzima. Koma uja unali moto wa udzu wolekeza m'mawondo.

Ulendo wachiwiri ndinakhala, chifukwa cha manyazi basi. Cha m'ma 3 koloko kumwamba kunafiira ngati dothi la katondo. Ndikuanula zovala, tsamba la bulugama lopserera linagwera pa shati ya yunifolomu ya mwana, ndipo nditaligwira linali lotenthabe. Kenako magetsi anathima. Pampu ya thanki yathu ndi yamagetsi, ndiye paipi imene abambo ankaidalira ija inangodontha kawiri n'kuuma. Tinalowa m'galimoto, msewu wotsikira kumusi ndi umodzi, magalimoto ali ndondondo, nyali zoyaka masanasana. Moto unalowera kwina, koma m'galimotomo ndinakumbukira za mbewa ya manyazi imene inafera kuuna.

Bulugamayu, mwa njira, kwawo ndi kuno. Amene timadzala m'mphepete mwa minda kumudzi uja anachokera ku Australia. Masamba ake ali ndi mafuta, makungwa ake amasendeka n'kuuluka akuyaka, kukayatsa moto wina makilomita angapo kutsogolo. Nthambi yaiwisi ungapunthe nayo chiyani pamenepo?

Mkangano wa m'nyumba mwanuwo dziko lino linaukangana kale, maliro ali pakhomo. Pa 7 February 2009, tsiku limene amalitcha Black Saturday, ku Melbourne kunatentha kufika madigiri 46.4. Anthu 173 anamwalira, nyumba zoposa 2,000 zinapsa, matauni a Kinglake ndi Marysville anasanduka phulusa. Langizo la nthawi imeneyo linali lakuti ukonzeke n'kuteteza nyumba yako, apo ayi uchoke msanga. Ambiri anangomva mbali yoyambayo. Ambiri mwa omwalirawo anafera m'nyumba kapena pafupi ndi nyumba zawo. Madzulo mphepo inatembenuka, ndipo amene ankaona moto ukudutsa cham'mbali anangozindikira wawalunjika. Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Bernard Teague inatulutsa lipoti lake mu 2010, ndipo kuchokera nthawi imeneyo uthenga unasintha: moyo choyamba, nyumba pambuyo.

Otsutsa machenjezo ali ndi mfundo, sindikana. Kuchoka kumadya ndalama, ziweto sungazikweze m'galimoto, ndipo munthu akathawa kanayi moto osabwera, kachisanu amangozimitsa foni. Ena amafuna apolisi azichita kukoka anthu pakhomo. Kale ndinkati aliyense asankhe yekha. Lero ayi. Munthu wamkulu akafuna kufera njerwa zake, ndi zake zimenezo, koma asamasankhire ana. Ndipo amene amakakamira mpaka utsi ufike ndi omwewo amatseka msewu, n'kuika pachiswe ozimitsa moto a CFA, bungwe lozimitsa moto m'madera a kumidzi kuno ku Victoria, amene ambiri mwa iwo ndi anthu ongodzipereka, osiya mabanja awo kunyumba. Ku Mallacoota, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Victoria, pa 31 December 2019 anthu pafupifupi 4,000 anathawira kugombe msewu utatsekeka, mpaka ambiri anachita kudzatengedwa ndi sitima ya asilikali. Kodi onsewo analibe mapaipi?

Ndiye muchite chiyani?

Kuyambira September 2022 milingo ya kuopsa kwa tsiku ilipo inayi: Moderate, High, Extreme ndi Catastrophic. Akati mawa ndi Catastrophic, mlingo woopsa kuposa yonse, chokani usiku womwewo kapena m'mamawa, musadikire kuona utsi. Milingo imeneyi ndi yosiyana ndi machenjezo a moto umene wayaka kale, omwe ndi Advice, Watch and Act ndi Emergency Warning. Lomalizali nthawi zina limabwera ndi mawu akuti nthawi yochoka yatha, bisalani pomwe mulipo. Ikani pafoni VicEmergency, pulogalamu ya boma ya machenjezo, gulani wailesi ya mabatire yomverera ABC, nyumba youlutsira mawu ya dziko lino, galimoto izigona ndi petulo itayang'ana kumsewu. Palibe amene analonjeza kudzagogoda pakhomo panu.

Za amuna anuwo, musakangane nawo tsiku la moto. Akufunseni lero kuti mukupita kuti, muwauze. Anga mpaka pano amanena za nthambi zija alendo akabwera, koma chikwama cha mapasipoti amachiika okha pafupi ndi chitseko December akangoyamba, ndipo shati ya mwana ija, yokhala ndi kabowo paphewa, anakana kuti ndiitaye.